John Kirk, Dotolo Wojambula ndi Kuwala kwa Dzuwa

Aliyense amene anaphunzirako mapu a dziko lathu adziwa kuti mtandadza wa mapiri umene uyambira kuno ku Dedza, nupyola ku Ntcheu, nukatsikira ku Neno ndi ku Mwanza motsata malire a Malawi ndi Mozambique, ulembedwa dzina lakuti Kirk Range. Ana a sukulu aloweza dzinali pokonzekera mayeso, koma mukawafunsa kuti Kirk ameneyu anali yani, ambiri angoti kukamwa yasa. Mapiriwa ali ndi mayina awo akale amene makolo anawapatsa, monga Dedza, Chongoni, Domwe ndi Dzonzi, ndipo mayina amenewo ndiwo enieni. Komabe popeza dzina la mlendoyu lakhala pa mapu athu zaka zoposa 150, nkoyenera kuti timdziwe mwini wake.

Munthuyu anali dotolo, anali katswiri wa zomera, analinso mmodzi wa anthu oyamba kujambula zithunzi ndi kamera m'zigwa za Zambezi ndi Shire. Tsono kamera ya masiku amenewo inali ndi chilema chimodzi: inkagwira zokhazo zimene zaima chilili, ndipo chilichonse choyenda chinkafafanizika. Mbiri ya Kirk ndi mbiri ya munthu amene anaona ndi maso zinthu zoopsa zimene kamera yake sinathe kugwira, nazisunga mumtima, nadikira zaka khumi kufikira tsiku limene anapeza mphamvu yakuchitapo kanthu.

Ubwana ndi maphunziro

John Kirk anabadwa pa 19 Disembala 1832 m'mudzi wa Barry, m'chigawo cha Angus, kum'mawa kwa dziko la Scotland. Atate ake, amenenso dzina lawo linali John Kirk, anali mbusa wa mpingo. M'chaka cha 1847, akali mnyamata wa zaka pafupifupi 15, analowa sukulu yaukachenjede ya Edinburgh, kumene anaphunzira udotolo natsiriza m'chaka cha 1854. Masiku amenewo wophunzira udotolo ankayenera kudziwanso zomera, pakuti mankhwala ambiri ankachokera ku mizu, makungwa ndi masamba, monga momwe asing'anga akwathu adziwira. Kirk anakonda phunziro limeneli koposa ena onse, ndipo linamzoloweza kupenyetsetsa chinthu nthawi yaitali asananene kanthu. Khalidwe limenelo anakhala nalo mpaka ukalamba.

Chithunzi pa siliva

Kuti timve bwino ntchito ya Kirk, tiyenera kuyamba tadziwa chiyambi cha kamera. Kujambula si chinthu chachilendo kwa ife a kuno. Pa matanthwe a Chongoni pali malo 127 amene anthu akale anajambulapo, ena ndi utoto wofiira, ena ndi dothi loyera, ndipo m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linalemba malowa m'kaundula wa chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi. Koma zojambula zonsezo, monganso zojambula za ku Ulaya, zinali ntchito ya dzanja la munthu. Chatsopano chimene chinamveka pamene Kirk anali mwana wa zaka 6 ndi chakuti kuwala kwa dzuwa kungathe kujambula kokha, popanda dzanja.

Amene anatchuka ndi luso limeneli ndi Mfalansa wina, Louis Daguerre, wobadwa m'chaka cha 1787, amene ntchito yake inali kujambula nsalu zazikulu za m'nyumba za zisudzo ku Paris. M'chaka cha 1829 anapangana zogwira ntchito limodzi ndi Nicéphore Niépce, amene anali atayesayesa kale kwa zaka zambiri. Niépce anamwalira m'chaka cha 1833, ndipo Daguerre anapitiriza yekha mpaka anapeza njira.

Njirayo inali yotere. Ankatenga kachitsulo kaphanthiphanthi ka mkuwa, kokutidwa ndi siliva mbali imodzi, nakapukuta mpaka kanyezimire ngati kalilole. Kenaka m'chipinda cha mdima ankakafukiza ndi nthunzi ya ayodini, mankhwala omwe aja amene kuchipatala apaka pa bala. Nthunziyo ikakhudza siliva, pamwamba pake pankasanduka pachikasu, ndipo kuyambira pamenepo kachitsuloko kankamva kuwala. Atatero ankakaika m'bokosi lokhala ndi diso la galasi, nalozetsa disolo ku nyumba kapena ku mtengo, nalitsegula kwa mphindi 5, mwina 10, mwinanso kuposa, malinga ndi mphamvu ya dzuwa. Pokatulutsa m'bokosimo sipankaoneka kanthu konse. Chinsinsi chimene Daguerre anatulukira ndi ichi: akakafukizanso ndi nthunzi ya mercury, madzi achitsulo olemera aja amene tinkawaona m'kagalasi koyezera kutentha kwa thupi, chithunzi chobisikacho chinkatulukira pang'onopang'ono. Potsiriza ankakatsuka ndi madzi a mchere kapena mankhwala ena, kuti siliva wotsala aleke kumva kuwala.

Pa 19 Ogasiti 1839 njirayi inaululidwa poyera ku Paris. Boma la France linaigula, nilimlonjeza Daguerre mafranki 6,000 chaka ndi chaka moyo wake wonse, ndipo zithunzi zotere zinatchedwa daguerreotype, kutsata dzina lake. Mbiri inawanda ngati moto wa lupsa. Chaka chomwecho chisanathe, Afalansa ena anali kujambula kale ku Egypt. M'chaka cha 1846 luso linafika ku Port Elizabeth, ku South Africa, ndipo pakati pa 1846 ndi 1848 mkulu wa sitima yankhondo ya Afalansa, Charles Guillain, anajambula anthu a m'mbali mwa nyanja ya mchere kum'mawa kwa Africa, kuphatikizapo Zanzibar. Daguerre anamwalira m'chaka cha 1851 m'mudzi wa Bry-sur-Marne, kumene chithunzi chachikulu chimene anajambula ndi dzanja m'chaka cha 1842 chikalipobe kumbuyo kwa guwa m'tchalitchi cha parishi.

Chithunzi cha pa siliva chinali chokongola kopambana, pakuti chinkaonetsa ngakhale njerwa iliyonse ya khoma. Koma chinali ndi zovuta zake. Chinkatuluka chimodzi chokha, chosatheka kuchulukitsa. Dzanja lamanja linkaoneka ngati lamanzere, monga m'kalilole. Chala chikangochikhudza chinkafufutika, kotero ankachitsekera m'kabokosi ka galasi. Nthunzi ya mercury inali poizoni. Ndipo choposa zonse, choyenda sichinkagwidwa. Chitsanzo chodziwika ndi chithunzi chimene Daguerre anajambula m'chaka cha 1838, cha msewu waukulu wa ku Paris wotchedwa Boulevard du Temple. Msewuwo unkadzaza ndi anthu, akavalo ndi ngolo. Koma pa chithunzipo uoneka wa zii, ngati mudzi wosamukidwa. Amene aoneka bwino ndi bambo mmodzi amene anaima pa ngodya kuti ampukutire nsapato. Ena onse anadutsa, ndipo siliva sanawakumbukire.

Pepala la phula

Ku England kunali munthu wina, William Henry Fox Talbot, amene anatsata njira ina. Iye m'malo mwa chitsulo ankanyika pepala m'mankhwala a siliva. Chithunzi choyamba chinkatuluka chotembenuka, choyera chikuoneka chakuda ndi chakuda chikuoneka choyera; koma pochisanjika pa pepala lina ndi kuchiika padzuwa, munthu ankatha kutulutsa zithunzi zolongosoka zambirimbiri. Talbot analembetsa njirayi ku boma m'chaka cha 1841 kuti ena asaigwiritse ntchito osalipira, koma lamulolo silinakhudze Scotland. Nchifukwa chake mzinda wa Edinburgh, kumene Kirk ankaphunzira, unasanduka likulu la ojambula pa pepala.

M'chaka cha 1851 panatulukanso njira ziwiri. Mfalansa Gustave Le Gray anaonetsa kuti pepala likayamba lapakidwa phula, lingakonzedwe lero nkudzagwira ntchito patapita masiku angapo. Mngelezi Frederick Scott Archer anapeza njira ya galasi lonyowa, imene inkajambula msanga koma inkafuna kuti wojambula apake mankhwala, ajambule ndi kutsuka zonse galasi lisanaume. Njira ziwirizi zinachititsa kuti zithunzi za pa chitsulo cha siliva ziyambe kutha, kotero kuti pamene kamera inafika pa mitsinje yathu, nyengo ya daguerreotype inali ku mapeto.

Kirk anasankha pepala la phula. M'chaka cha 1855, pa nthawi ya nkhondo ya ku Crimea, anadzipereka kukagwira ntchito ku chipatala cha asilikali cha Renkioi, m'dziko la Turkey. Kumeneko, m'maola opuma, ankatola zomera ndi kujambula nyumba za chipatalacho, ndipo zithunzizo zilipo mpaka lero.

Pa Zambezi ndi Shire

M'chaka cha 1858 boma la Britain linatuma David Livingstone kukafufuza mtsinje wa Zambezi, pofuna kuona ngati sitima zingalowere pamenepo kunka pakati pa Africa. Kirk, ali ndi zaka 25, anasankhidwa kukhala dotolo wa gululo ndi woyang'anira za zomera. Ananyamuka ku Liverpool pa 10 Malichi 1858, nafika ku mathiriro a Zambezi m'mwezi wa Meyi. Ntchito yojambula ndi kamera inapatsidwa kwa Charles Livingstone, mng'ono wa David, amene anatenga zipangizo za galasi lonyowa. Kirk anangonyamula kamera yakeyake, popanda womtuma.

Kutentha kwa chigwa cha Zambezi kunaweruza pakati pa njira ziwirizi. Galasi linkauma msanga, mankhwala ankaonongeka, ndipo Charles analibe luso lokwanira. Za ntchito yake zatsala zochepa kwambiri. Koma Kirk ankakonzeratu mapepala ake mumdima, nawanyamula ouma m'chikwama, nadzawatsuka pamene wapeza mpata. Mtengo wake wa njirayi unali kudikira, pakuti diso la kamera linkayenera kukhala lotsegula mphindi zambiri, mphepo itadekha kuti masamba asagwedezeke. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo Kirk anali nako kudekhako. Zithunzi zake zimene zasungidwa, makamaka ku nyumba ya mabuku ya National Library of Scotland, zili m'gulu la zithunzi zakale koposa zonse za mbali ino ya Africa.

Ulendowo sunayende monga anayembekezera. Kumapeto kwa 1858 anapeza kuti mathithi a Kebrabasa, pamene lero pali damu la Cahora Bassa, atsekeratu njira. Pamenepo anatembenukira ku Shire. Mu Januwale 1859 anakwera ndi kasitima kawo ka Ma Robert mpaka mathithi a Kapichira, ndipo pambuyo pake anapalana ubwenzi ndi mfumu Chibisa, pafupi ndi Chikwawa. Pa 18 Epulo 1859 Livingstone ndi Kirk, akuyenda pansi motsogozedwa ndi eni dziko, anaona nyanja ya Chilwa, ndipo pakati pa mwezi wa Seputembala chaka chomwecho anafika pa nyanja yathu yaikulu, pamene Shire atulukira. M'chaka cha 1861 amtengatenga ananyamula boti kulambalala mathithi, ndipo Kirk anayenda nalo pa nyanja, napyola Nkhotakota kulowera kumpoto. Pa maulendo amenewa mapiri athu ankaonekera kumadzulo ngati linga lalitali, ndipo Livingstone anawatcha dzina la mnzakeyo.

Kulikonse kumene ankapita, Kirk ankatola masamba, maluwa, mbewu, mbalame ndi nsomba, nazitumiza kwa akatswiri ku London. Nsomba zouma zimene anatenga pa nyanja yathu ndizo zinathandiza Albert Günther, m'chaka cha 1864, kulemba koyamba m'mabuku a sayansi mitundu ingapo ya nsomba zakuno, kuphatikizapo mtundu wina wa chambo. Mtundu wina wa mitengo unapatsidwa dzina lakuti Kirkia pomkumbukira. Koma chotchuka koposa ndi kombe, ulembe umene Amang'anja ankapaka ku mivi. Tsiku lina Kirk anatsuka mano ndi mswachi umene unali m'thumba limodzi ndi ulembewo. Anamva kuwawa m'kamwa, nazindikira kuti mtima wake wayamba kugunda pang'onopang'ono. Pambuyo pake dotolo Thomas Fraser wa ku Edinburgh anafufuza mbewu za chomeracho, ndipo munatuluka mankhwala a matenda a mtima. Dzina lake m'mabuku ndi Strophanthus kombe: liwu la Chimang'anja likalimo, ndipo nzeru yoyamba inali ya alenje a m'chigwa cha Shire.

Mavuto sanamlambalale. Mu Novembala 1860, pobwerera kuchokera ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, bwato lake linagubuduzika pa Kebrabasa. Iye anapulumuka pogwira thanthwe, koma zolemba ndi zojambula za miyezi yambiri zinapita ndi madzi. Malungo ankamgwira kawirikawiri. Pa 27 Epulo 1862 Mary, mkazi wa Livingstone, anamwalira ku Shupanga, Kirk atayesetsa kumpatsa mankhwala. Manda ake, patsinde pa mlambe, ali pakati pa zinthu zimene Kirk anajambula. M'buku lake lachinsinsi ankadandaula kuti Livingstone ndi mtsogoleri wosamva za anzake ndi wosaopa kuika miyoyo ya anthu pachiswe. Komabe sanamgalukire, ndipo anamtumikira zaka zisanu.

Zimene kamera sinagwire

Inu owerenga, mukadzaona zithunzi za Kirk za ulendo umenewu, mudzapeza mitengo, mipanda, nyumba za ku Tete ndi ku Sena, masitima ataima pa doko, ndi madzi a mtsinje ali phee. Anthu saoneka kawirikawiri. Wosadziwa angaganize kuti linali dziko la mtendere, lopanda wolira. Koma monga msewu wa ku Paris uja, dzikolo linali lodzaza ndi anthu oyenda, ndipo ambiri a iwo ankayenda atamangidwa.

Zaka zimenezo malonda a akapolo anali atafika pachimake. Ena ankatengedwa kunka ku Tete kwa amalonda a Chipwitikizi. Ena ankaolotsedwa pa nyanja ndi zombo za ku Nkhotakota, nayenda miyezi mpaka ku Kilwa, nakwezedwa kunka ku msika wa Zanzibar. Kazembe wa Britain ku Zanzibar, Christopher Rigby, anauza Livingstone kuti akapolo 19,000 ochokera ku dziko la nyanja yathu yokha ankadutsa pa ofesi ya msonkho ya chilumbacho chaka chilichonse. Amene ankafera m'njira sankawerengedwa.

Pa 16 Julayi 1861 Kirk anali pa mudzi wa Mbame, pa njira yokwera kuchokera ku Chikwawa kunka kumene lero kuli Blantyre, pamodzi ndi Livingstone ndi gulu la Episkopi Charles Mackenzie wa mishoni ya Anglican ya UMCA. Mwadzidzidzi kunatulukira mnzere wa akapolo, amuna ali m'magoli, akazi ndi ana atamangidwa ndi zingwe. Owakusa ataona Azungu anathawira kuthengo. Zingwe zinadulidwa ndi mipeni, magoli anachekedwa ndi sowo, ndipo anthu 84 anamasulidwa tsiku limenelo. Chithunzi cha mnzere umenewu chimene chinatuluka m'buku la Livingstone m'chaka cha 1865 chinali chojambula ndi dzanja. Kamera yofuna mphindi zambiri sikanatha kugwira anthu othamangitsidwa ndi chikoti.

Zoipa zinali zikubwerabe. Chilala cha 1862 chinakumana ndi nkhondo za ogwira akapolo, ndipo pamene gululo linakweranso Shire kumayambiriro kwa 1863, linapeza midzi yopsa, minda yosalimidwa, mafupa a anthu m'njira, ndi mitembo ikuyandama pa madzi tsiku ndi tsiku. Malo amene zaka zinayi zapitazo munali thonje, mapira ndi ng'anjo za osula zitsulo anali mabwinja. Kirk anadwala kamwazi kwambiri, ndipo mu Meyi 1863 anauyamba ulendo wobwerera kwawo. Anthu ku Britain anaona ulendo wonsewo ngati ndalama zotayika. Koma dotoloyu anapita akudziwa chinthu chimodzi: kumasula anthu 84 pa njira sikuthetsa kanthu ngati msika umene ukuitana anthuwo uli wotsegula. Wofuna kuumitsa khwawa ayenera kupita ku kasupe.

Ku Zanzibar

M'chaka cha 1866 Kirk anatumizidwa ku Zanzibar kukakhala dotolo wa ofesi ya kazembe wa Britain ndi wothandiza kazembeyo. Chaka chomwecho, mu Okutobala, Livingstone pa ulendo wake wotsiriza anakwera mapiri athu ano kuchokera ku nyanja, nadutsa kulowera ku Luangwa. Kirk anakwatira Helen Cooke ku Zanzibar m'chaka cha 1867, ndipo anakhala pa chilumbacho zaka pafupifupi 20.

Msika wa akapolo unali pakati pa mzinda, wololedwa ndi lamulo, ndipo Sultan ankalandira msonkho pa mutu uliwonse. Kirk sanayambe ndi kufuula. Anaphunzira Chiswahili, nalowa m'nyumba za olemera ndi osauka monga dotolo, nadziwa eni zombo, nyengo za mphepo, ndi amalonda amene ankakongoza ndalama za maulendo. Ena ankamnena kuti ndi wozizira. Pamene Henry Morton Stanley anapeza Livingstone ku Ujiji m'chaka cha 1871 ali wosauka, katundu wake atabedwa ndi amene anatumidwa naye, Stanley anaimba Kirk mlandu wa kunyalanyaza, ndipo mbiri yoipayo inafalitsidwa m'manyuzipepala. Kirk anapirira, napitiriza ntchito yake.

Nthawi inakwana m'chaka cha 1873. Boma la Britain linatuma Sir Bartle Frere kuti akakambe ndi Sultan Barghash za kutseka malondawo. Barghash anakana, pakuti namondwe wa 1872 anali ataononga minda ndi zombo za chilumbacho, ndipo akuluakulu ake ankati popanda akapolo atsopano dziko ligwa. Frere anachoka chimanjamanja. Ntchito inatsalira Kirk. Atalandira mawu ochokera ku London, anapita kwa Sultan namuuza poyera kuti akapanda kuvomera, sitima zankhondo zizinga chilumba chonse, osalola chombo kulowa kapena kutuluka. Barghash ankamdziwa Kirk kuti sanena zopanda pake. Pa 5 Juni 1873 pangano linasainidwa, loletsa kuolotsa akapolo pa nyanja ndi lolamula kuti misika yonse ya akapolo m'dziko la Sultan itsekedwe. Msika waukulu wa Zanzibar unatsekedwa tsiku lomwelo, ndipo pa Khirisimasi chaka chomwecho amishoni a UMCA anaika mwala wa maziko a tchalitchi chachikulu pa malo omwewo.

Livingstone sanamve mbiri imeneyi, pakuti anali atamwalira kwa Chitambo mwezi umodzi zisanachitike. Anyamata ake, motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, ananyamula mtembo wake miyezi 9 mpaka ku Bagamoyo, kumene unagonekedwa pa mishoni ya Ansembe a Mzimu Woyera mu Febuluwale 1874. Chuma ameneyu anali Myao, mmodzi wa ana amene anamasulidwa m'masiku aja a Julayi 1861. Pa 18 Epulo 1874, pa maliro ku Westminster Abbey, Kirk anali mmodzi wa onyamula bokosi.

Ku Zanzibar Kirk sanasiye kamera. Tsopano zipangizo zinali zitapita patsogolo, ndipo anajambula nyumba, mitengo ndi anthu omwe. Analimanso munda woyesera mbewu zachilendo ku Mbweni, kunja kwa mzinda.

Mbali inayo ya mbiri

Sitiyenera kukuza ntchito ya munthu mmodzi kuposa muyeso, pakuti mutu umodzi susenza denga. Pangano la 1873 silinathetse ukapolo tsiku limodzi. Amalonda anayamba kuzembetsa anthu usiku ndi kuwayendetsa pa mtunda, kotero kuti m'chaka cha 1876 Kirk anakakamizanso Sultan kuletsa maulendo a akapolo a pa mtunda. Pa chilumba cha Zanzibar penipeni ukapolo unaleka kuvomerezedwa ndi lamulo m'chaka cha 1897. Kuno kwathu anthu anagwidwabe ndi kugulitsidwa mpaka zaka za m'ma 1890, ndipo Mlozi wa ku Karonga anagonjetsedwa mu Disembala 1895. Ambiri amene anathawa, amene anabisa anzawo m'mapanga a mapiri ano, ndi amene anafera m'magoli, mayina awo sanalembedwe pa mapu alionse.

Tiyeneranso kunena kuti Kirk anali mtumiki wa ufumu wa Britain. Mphamvu imene anatsekera msika ndi yomweyo imene inafooketsa Sultan ndi kutsegulira Azungu khomo lakulanda mayiko. M'chaka cha 1885 sitima zankhondo za Germany zinafika ku Zanzibar, ndipo Kirk, polamulidwa ndi London, analangiza Barghash kugonja. Chaka chotsatira Britain ndi Germany anagawana mtunda wa kum'mawa kwa Africa. Kirk mwini wake anadzakhala mmodzi wa akuluakulu a kampani imene inayamba ulamuliro wa Britain ku Kenya. Ufulu ndi utsamunda zinafika m'ngalawa imodzi, ndipo wonena mbiri moona ayenera kutchula zonse ziwiri.

Ukalamba ndi imfa

Kirk analandira ulemu wa dzina lakuti Sir m'chaka cha 1881, napuma pa ntchito ya ukazembe m'chaka cha 1887. Anaimirira Britain pa msonkhano wa mayiko ku Brussels wa 1889 mpaka 1890, umene unakhazikitsa malamulo oletsa malonda a akapolo. Zaka zake zotsiriza anakhala ku Sevenoaks, kummwera kwa London, kumene anamwalira pa 15 Januwale 1922 ali ndi zaka 89, ndipo anaikidwa m'manda a tchalitchi cha St Nicholas.

M'chinenero chathu liwu lakuti chithunzi ndi mbale wake wa mthunzi ndi chithunzithunzi, ndipo makolo sanalakwe potero. Chithunzi ndi mthunzi chabe wa chinthu, ndipo chionetsa chokhacho chimene wojambula analozako. Lero kamera ili m'thumba la mwana aliyense amene ali ndi foni. Zimene Daguerre ankadikirira mphindi 10 zichitika m'kuphethira kwa diso, ndipo ngakhale mbalame youluka igwidwa. Koma kujambula tsoka la mnzako nkosavuta kuposa kulisenza. Kirk analibe chithunzi cha anthu a kwa Mbame kapena cha mitembo ya mu Shire choti akaonetse Sultan. Anali ndi zimene anaona, ndi zaka khumi za kudekha. Tsono inu aphunzitsi, mwana akadzakufunsani za dzina lolembedwa pa mapiri athu, mumuuze mayina akale poyamba, kenaka mumfotokozere za dotolo uyu, zabwino zake ndi zopereweza zake zomwe.